Chipewa cha pa Siwichi

Lolemba, 5 Ogasiti

Girizi: Chimeza mbali zonse, Manjenje mbali ya kukhoma. Lamba wamkulu akulira kumapeto, ndimuone mawa.

Kope ili ndi la girizi, koma lero lilandire zinanso. Chimeza wadya dzanja la mkamwini wanga. Lamanja. Cha m'ma teni koloko, tiyi atangofika.

Ndiyambire pamutu, poti ine nkhani yoyambira pakati siituluka m'kamwa. Chimeza ndi makina athu aakulu ogaya zigubu ndi mabeseni akutha. Ali ndi mipeni isanu ndi umodzi m'mimba. Akatsamwa, munthu amazungulira kuseri, kutsegula kachitseko, n'kulowetsa mkono kukachotsa chamutsamwitsacho. Siwichi yake ili kuno kukhoma, ndipo woima pasiwichi sangamuone wa kuseriyo. Kale panali loko. Kiyi wake anasowa ine ndikadali ndi mano onse, ndiye kuchokera pamenepo lamulo lathu ndi chipewa. Ukamapita kuseri, koleka chipewa chako pa chogwirira cha siwichi. Chipewa chilipo, munthu ali m'kati. Palibe, yatsa. Zaka zonsezi sichinatinamizepo. Obwera kumene ndimawaphunzitsa ndine, ndimachita kuwaimbira ngati nyimbo.

Ine ndinamva ndi khutu anthu asanafuule. Chimeza akamagaya pulasitiki amati gegede gegede. Lero anati gegede, kenaka fwa, ngati waluma chofewa, n'kupitiriza. Wamtali, amene ntchito yake ndi kuyatsa ndi kuzimitsa, anazimitsa msanga, koma mipeni ija siima pomwepo, imayamba yazungulira kaye.

Anakamutulutsa ndi kapitawo. Mkamwini sanalire. Amangoti, "Sipanala yatsalira m'katimo, sipanala yatsalira m'katimo." Mayi wa tiyi anamanga mkonowo ndi mpango wawo. Anapita naye pa galimoto yonyamula katundu, atamugoneka pa matumba. Ife otsala anatiuza kuti titsuke. Ndatsuka ndi paipi, madzi ake ayenda m'ngalande yomweyo ya masiku onse. Sipanala inalimodi.

Madzulo kuchipatala. Adula pansi pa chigongono. Mzime wanga, mkazi wake, ndinamupeza pabenchi, akungopinda ndi kutambasula kapepala kena kake. Anati, "Ababa, mwadya?" Ndinati ndadya.

Ndafika kunyumba, ndikuvula ovolosi, m'thumba muli chipewa chofiira. Chake.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Lamba sindinamuone. Chimeza amuzunguliza chingwe, tikugwirira kwa Manjenje yekha, makina osefa aja.

Ndinachitola ndine. Ndilembe momwe zinakhalira ndisanayambe kuzikometsa, pakuti ndimadzidziwa, nkhani ikagona kawiri m'kamwa mwanga imadzuka itavala jekete.

Ndimachokera kumpopi pamodzi ndi mayi wa tiyi, nditawanyamulira ketulo. Ndimawasimbira ya bwana wakale uja amene mano ake oikirira anagwera mu pulasitiki yosungunuka. Ndinali nditafika pokoma penipeni, pamene mano aja akutulukira pansi pa beseni latsopano akuseka okha. Tikudutsa pasiwichi, ndinaona chipewa pansi, pa mafuta. Manjenje akamagwira khoma lonse limagwedezeka, ndiye chinagwa. Izi ndikuzidziwa lero. Dzulo ndinangoona chipewa cha mkamwini chikunyowa mafuta. Ndinawerama, kuchikutumula pabondo, kuchiika m'thumba kuti ndikamupatse ku tiyi, pakamwa osaima. Chimeza anali chete, ine n'kumati ndi tiyiyu. Mayi wa tiyi anali patsogolo, akuseka, sanacheuke. Wamtali anachokera kuchimbudzi, anayang'ana pasiwichi, palibe kanthu, anayatsa.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri pantchito ino. Tsoka silinunkha, amatero, koma ili linali lofiira, lili m'manja mwanga.

Wamtali amuimitsa. Akulumbira kuti panalibe chipewa. Anthu akungoyang'anana.

Ndachiika mu sutikesi, pansi pa jekete la kumaliro. Chipinda chino anandimangira mkamwini yemweyo kuseri kwa nyumba yake, amake ana atamwalira. Pulasitala wake ndi wa dzanja lija, ndikuona mizere yake pamene ndakhala pano.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Girizi: Manjenje. Lamba ndamumanga, wasiya kulira.

Wamtali anandidikira pageti m'mawa, poti m'kati samulola. Wavala malaya a kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa chake.

"A Wailesi, inu munadutsa pamenepo ndi ketulo. Chipewa munachiona?"

Ndinayamba kumuuza za mnzathu wina wakalekale amene ankakoleka nsapato poti chipewa analibe. Anandidula.

"Madala, ine ndafunsa eya kapena ayi."

Ndinati maso anga ndi akale, mwanawe, ine ndimagwira ntchito ndi makutu. Anagwedeza mutu. Anati wakhala akuchiona chogwiriracho m'mutu mwake masiku awiri, ndipo n'chopanda kanthu, chitsulo chokhachokha. Kenaka anafunsa ngati kuchipatala angamulole kukamuona. Ndinati adikire kaye, mzime wanga sali bwino mtima.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mkamwini wayamba kuyankhula bwinobwino. Akuti anakoleka. Wanena kawiri, pamaso pa ine ndi mkazi wake, "Ndinakoleka, bambo. Inu mukundidziwa." Ndinati ndikukudziwani.

Ndiye mzime wanga wanyamuka kuchipatala kulunjika pamene mkazi wa Wamtali amagulitsa masamba. Sindinaliko. Akuti anamuuza pa anthu kuti mwamuna wako maso anakabisa kuti, bwera udzamusambitse wanga ndiwe. Mkazi uja anangolongedza masamba ake dzuwa likadali pamutu. Mwana ameneyu anatengera ine pakamwa, koma zake zimatuluka zakuthwa.

Kuntchito kapitawo anati tifufuze chipewacho. Ngati chinakolekedwa chilipo penapake, chipewa sichiuluka m'nyumba ya malata. Tasuntha migolo, tasesa kuseri kwa Manjenje, tatsegula ngalande. Ena mpaka kusefa pulasitiki wogayidwa wa Lolemba kufuna ulusi wofiira. Ine ndinagwira tsache. Ndasesa bwino kwambiri, pansi pasiwichi mpaka simenti kuoneka. Woyendetsa foloko, kagalimoto konyamulira migolo, anati, "Lero a Wailesi akusesa ngati akuyembekeza apongozi." Anthu anaseka pang'ono n'kusiya, atakumbukira kuti mpongozi ndi amene wagona uja.

Chipewa sichinapezeke.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Girizi: Manjenje, lamba, loko.

Loko, eya. Kapitawo anandiitanira ku sitolo ya zida n'kutseka chitseko. M'manja ali ndi loko watsopano, wachikasu, wowala ngati wa pa sutikesi ya mkwatibwi. Akuti Lachiwiri kukubwera wofufuza za ngozi, ndipo bwana wamkulu sakufuna kumva mawu oti chipewa. Pano timakiya ndi loko, takhala tikukiya ndi loko, aliyense akudziwa. Tsiku lija loko analipo, mwini wake sanakiye chifukwa chofulumirira tiyi. Basi.

Ndinati nanga Wamtali?

Akuti Wamtali abwerera Lolemba, wavomera kale. Munthu wa ana anayi.

Ndinati nanga mkamwini wanga?

Anayang'ana mashelefu. Anati, "Madala, dzanja lapita lapita, silimera. Kampani ikatsekedwa tonse tikadya kuti? Adzamuganizira mwa njira ina." Njira inayo ndikuidziwa, ndinaionapo kawiri. Amakulembera kuti ngozi unaiputa wekha, amakupatsa kalata, pageti amakugwira chanza ngati chatsala.

Kenaka anandipatsa lokoyo kuti ndimukalambitse. Akuti inu ndinu katswiri wa zakuda. Ndinatenga girizi wakale wa pansi pa Chimeza, kusakaniza ndi fumbi la dzimbiri, kumupaka, kumukhutiza pa simenti, kumumenya ndi sipanala m'mbali. Pofika masana amaoneka wamkulu kuposa kapitawo. Ndikanama ndikati sanatuluke bwino. Manja amangogwira, sanandifunse.

Asanaweruke anatisonkhanitsa tonse khumi ndi anayi kutiuza zomwezo. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mayi wa tiyi okha ndi amene anati iwo asafunsidwe, amadziwa za shuga basi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Theka la tsiku. Sindinasimbe kanthu. Mayi wa tiyi akuti wailesi yatha mabatire.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ndinapita kuchipatala ndi malalanje. Ndinaiwala kuti lalanje limafuna manja awiri. Ndinamusendera.

Mu wodi yawo muli anthu asanu ndi atatu, atatu ndi a makina. Wa pafupi naye ndi wocheka matabwa, zala zinayi, munthu wanthabwala zedi. Amawerenga manja a m'chipindamo m'mawa uliwonse ngati akuitana mayina, akuti aone ngati usiku sanabe ena. Wa kuwindo lamba anamukoka malaya, phewa linachoka m'malo. Ameneyo sayankhula. Namwino akuti Lolemba ndi Lachisanu ndi masiku awo a anthu a makina, amakonzeratu mabedi.

Mkamwini akuti chala chapakati chikumuyabwa, chomwe kulibecho. Akafuna kukanda akupeza bulangeti. Wocheka matabwa anati kanda bulangetilo, m'bale, chimamva.

Za loko zamufika kale, kapitawo anabwera dzulo ndi buledi. Koma si zimene zikumudya. Mkazi wake atatuluka kukatsuka makapu anandikodola.

"Bambo, mwina sindinakoleke."

Ndinati bwanji mukutero.

"Anthu khumi ndi anayi asesa, palibe. Wamtali si munthu wabodza. Ndimadziona ndikukoleka, koma ndakoleka kangati pa zaka zisanu ndi chimodzi? Mwina ndikuona za tsiku lina." Kenaka anati ngati ndi choncho wadzidula yekha, ndipo mkazi wake watukwana munthu wosalakwa, ndipo a kampani akabwera ndi pepala lawo asayina, ndi chala chamanzere kaya.

Ndinamusendera lalanje lina. Sanadye.

Pobwerera tinayenda wapansi ndi mzime wanga kuchokera pamsewu waukulu. Ndinati lero ndinene. Ndinayambira pa kiyi uja anasowa, kuti amvetse bwino chiyambi chake, ndi momwe tinagwirizanirana za chipewa, ndi momwe khoma limagwedezekera. Tisanafike n'komwe pa Lolemba anati, "Ababa, nkhani zanu za kufakitale lero ayi. Mutu ukundiwawa." Kenaka anandigwira mkono powoloka ngalande n'kunena kuti pakanapanda ine sakudziwa akanatani sabata ino.

Wandichapira ovolosi. Amapisa m'matumba asanaviike, ndi khalidwe lake kuyambira ali wamng'ono. Anapezamo chiguduli ndi machesi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Girizi: onse. Chimeza amuchotsa chingwe, wayambanso. Mawu ake ndi omwe aja, sanasinthe ngakhale pang'ono. Ndinaima kumumvetsera nthawi ndithu.

Wamtali wabwerera. Amati akafuna kuyatsa amayamba wazungulira kuseri, kusuzumira, kubwera, kugwira chogwirira, kusiya, kupitanso kuseri. Kapitawo wamukalipira kuti akuchedwetsa ntchito. Pa tiyi wakhala yekha pa mgolo.

Chipewa ndinapita nacho m'kati mwa malaya. Maganizo anali oti ndichiponye kuseri kwa Manjenje, wina achipeze, zioneke kuti chinagwa chokha n'kukankhidwa. Mkamwini ayera, Wamtali ayera, ine osatchulidwa. Nkhani yabwino, ndikanaimva kwa wina ndikanaikonda. Koma kuseri kwa Manjenje ndinasesako ndine Lachinayi anthu akuona. Ndiponso wochipeza akapereka kwa kapitawo, kapitawo akachipereka kwa Chimeza. Ndabwera nacho. Chayamba kununkha thukuta langa.

Masana kapitawo amatiyesa mmodzimmodzi ngati ana a sukulu. Mumakiya ndi chiyani? Loko. Kuyambira liti? Kalekale. Atafika pa ine anati, "Inu a Wailesi mawa mawu awiri okha. Mukayamba za mano a bwana titsekeredwa tonse."

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Wofufuza ndi mayi, wamfupi, wa magalasi, nsapato zachitsulo kumapazi zake zomwe. Anakana tiyi. Anayendera Chimeza, kutsegula kachitseko, kuyeza ndi tepi kuchokera pasiwichi mpaka kuseri. Loko anamugwira, kumutembenuza, kupukuta zala pa mpango. Kenaka anakhala mu ofesi ya kapitawo n'kumatiitana. Kapitawo anakhala pakona, akuti ndi wothandiza kumasulira za makina. Mayi uja anamuuza Wamtali kuti akatha asachoke, aime pakhomo.

Ine ndinali wachisanu ndi chinayi. Anandifunsa dzina, zaka, ntchito. Anati pa anthu onse ndinu wakale, loko ameneyu anabwera liti?

Ndinati Lachisanu.

Kapitawo anatsokomola. Mayi uja sanacheuke. Anati Lachisanu liti?

Ndinati lapitali, ndipo dzimbiri lakelo ndinapaka ndine. Ndinatulutsa chipewa m'malaya n'kuchiika patebulo, pamwamba pa mapepala ake. Ndinati pano loko wathu ndi uyu. Mwini wake anakoleka. Chinagwa ndi kugwedezeka kwa khoma. Ndinachitola ine, n'kuika m'thumba, ndikusimba nkhani. Woyatsa anapeza palibe.

Ndi nkhani yaifupi kuposa zonse zimene ndasimbapo. Palibe anaseka, palibe anafunsa kuti kenaka.

Mayi uja anavula magalasi. "Chipewa," anatero. Anabwereza, "Mipeni isanu ndi umodzi, chipewa." Anafunsa kuti zaka zingati. Ndinati zoposa makumi awiri. Analemba nthawi yaitali. Anapempha kapitawo makiyi a loko, ndipo anatuluka m'thumba onse atatu ali pa kawaya kawo ka kusitolo. Amenewo sanandipatse kuti ndiwakalambitse. Analembanso. Kenaka anamuuza kapitawo kuti atuluke, ndipo asanu ndi atatu oyamba aja abwerenso mmodzimmodzi.

Potuluka ndinadutsana ndi Wamtali pakhomo. Munthu uja ndi wamtalidi, ndinachita kukweza mutu. Anati, "Sabata yonse, madala." Ndinati eya. Anati, "Ndinakufunsani pageti." Ndinati munandifunsa.

Chimeza amuzunguliza chingwe china, cha mayi uja, chokhala ndi pepala. Kapitawo wandilanda pampu ya girizi, akuti ndikadikire kunyumba mpaka andiitane. Sandiitana. Ndinamuuza kuti mbali ya kukhoma ya Manjenje imafuna kawiri pa sabata, apo ayi idzatentha. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Nkhani inandipitirira panjira, mayi wa tiyi ali ndi foni. Ndinapeza mzime wanga akuanula zovala. Sanasiye kuanula.

"Ndinakatukwana mkazi wa mwini pa anthu, ababa. Inu muli phee, mukudya nafe."

Ndinati ndinayesa kukuuza Lamulungu.

"Munayambira pa kiyi."

Anapinda malaya a mwamuna wake, manja onse awiri bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Chakudya anandiikira pakhomo la chipinda changa, chovundikira. Sanagogode.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Girizi: palibe.

Ndinadzuka nthawi ya ntchito, kuvala, kukhala pabedi. Sutikesi ndalongedza, kuti akanena ndisachedwetse anthu. Masana ndinapita kuchipatala chimanjamanja.

Mzime wanga atandiona pakhomo la wodi anatenga beseni n'kutuluka, kundilambalala ngati mzati. Wocheka matabwa anati, "Alowe, alowe, manja awiri athunthu, tiwaonjezere pa chiwerengero." Palibe anamuthandiza kuseka. Ndiye kuti wodi yonse yamva.

Ndinaima kumiyendo kwa bedi. Mkamwini anali atatsamira pilo, ndevu zamera.

"Munachipeza pati?"

"Pansi pasiwichi penipeni. Pa mafuta."

"Osati pabenchi, kapena kuseri?"

"Pansi pasiwichi."

"Ndiye ndinakoleka."

"Munakoleka."

Anatseka maso. Anapuma mpweya wautali, chifuwa chinachita kutsika. Ndinadikira zotsatira. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, oyamba, apakati ndi otsiriza, koma anatsegula maso asanandipatse mpata n'kuloza kabati ndi chibwano.

"Mu kabatimo muli chowengera. Zikhadabo zakula, zikundikola mu bulangeti. Mwana wanu akumanjenjemera, wanditema kawiri."

Ndinakoka mpando. Anandipatsa dzanja lamanzere, ndinaliika pabondo panga. Ndi lolemera, lili ndi zipsera zakezake za ntchito, mafuta akuda akadali m'mphepete mwa zikhadabo. Ndinayamba ndi chala chachikulu.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero. "Ndi lomweli."

Mzime wanga anabwera ndi beseni la madzi n'kuima pakhomo. Sanalowe, sanabwerere. Ine ndinali pa chala chachitatu.